Funsani Azakhali: Bandulo yosachedwa kutha, kondowole, ndi abale odana chifukwa cha chipani

Moni nonse owerenga. Ndikulemba ndili pa kauntala ya kashopu kanga kuno ku Balaka, makina a fotokope atazizira chifukwa magetsi anazima m'mamawa. Mpata umenewu ndi umene wandilola kukhuthula katoni ya makalata anu ndi kuwerenga mauthenga amene mwatumiza. Mwezi uno mwafunsa zosakanikirana, za foni, za m'mimba ndi za ndale. Ndatolapo asanu. Otsalawo ndawasunga, nthawi yawo idzakwana.

FUNSO: Azakhali, ndine mphunzitsi wa pulayimale. Foni yanga ndi ya Android, zotsika mtengo zija. Ndikagula bandulo ya sabata, pofika tsiku lachitatu imakhala itatha, chonsecho mafilimu sindionera, ndimangowerenga nkhani ndi kufufuza zoti ndikaphunzitse ana. Mwana wa mchemwali wanga akuti ndisiye Chrome ndiike Opera Mini. Mnzanga wa kuntchito akuti yabwino ndi Firefox. Ndimvere uti? — Mphunzitsi, Ntchisi

YANKHO: Aphunzitsi, onse awiriwo sakunama, kungoti aliyense akuyamikira imene inamuthandiza pa vuto lake. Tiyambe talongosola kaye, chifukwa pashopu pano ambiri amabwera n'kunena kuti "ndiikireni Google". Bulawuza ndi pulogalamu imene imakutsegulirani masamba a pa intaneti. Google ndi tsamba lofufuzirapo zinthu, ndipo mungalipeze kudzera mu bulawuza iliyonse. Chrome, Firefox, Opera Mini, Edge, Safari ya pa iPhone, onsewa ndi mabulawuza.

Mwana wa mchemwali wanuyo akutchula Opera Mini chifukwa imapulumutsadi data. Kampani yake inayambira ku Norway, ndipo pulogalamuyi inafalikira dziko lonse mu 2006, nthawi imene ambirife tinali ndi mafoni a mabatani. Mukaitanitsa tsamba, silibwera molunjika kwa inu. Limayamba lapita ku makompyuta a kampaniyo, kumeneko amalifinya, zithunzi amazichepetsa, kenako n'kukutumizirani. Zili ngati mfutso. Mkhwani wodzaza dengu ukaufutsa n'kuuyanika umakwana m'chikwatu chimodzi. Koma mfutso si mkhwani wauwisi. Mukaiika pa mlingo wofinya kwambiri, masamba ena amabwera opunduka, makamaka a mafomu ofunsira ntchito kapena olembetsera sukulu, moti batani lotumizira limatha kukana. Kumbukiraninso kuti zimene mukuwerengazo zikudutsa m'manja mwa wina. Powerenga nkhani ndi zotsatira za mpira palibe chovuta. Za kubanki ndi za ndalama, ine sindidutsitsa kumeneko.

Chrome ndi ya Google, inatuluka mu 2008, ndipo imabwera kale m'mafoni ambiri a Android. Ubwino wake ndi woti pafupifupi tsamba lililonse limatseguka bwinobwino, popeza opanga masamba amayesera pa iyoyo. Koma ndi yolemera kwa foni yaing'ono, makamaka mukatsegula masamba ambiri osawatseka. Inali ndi njira yake yopulumutsira data yotchedwa Lite mode, koma anaichotsa mu 2022. Ndipo dziwani kuti Google imapeza ndalama zake zambiri kuchokera ku malonda otsatsa, choncho kudziwa zimene inu mumakonda kuona ndi gawo la bizinesi yake. Chinthu chikakhala chaulere ine ndimafunsa kuti akulipira ndani, ndipo akupezapo chiyani.

Ena amathawa Chrome n'kupita ku Edge, Brave kapena Samsung Internet. Si zolakwika, koma onsewa anamangidwa pa maziko amodzi otchedwa Chromium. Ufa ndi womwewo, zasiyana ndi mbale. Imene ili ndi maziko akeake ndi Firefox, ya bungwe la Mozilla, yomwe inatuluka mu 2004. Imeneyi ndiyo ndimakonda, pa foni ndi pa kompyuta ya pashopu. Chifukwa chake ndi chimodzi: pa Android imalola kuikamo kapulogalamu kotchedwa uBlock Origin, kamene kamatsekereza malonda otsatsa. Timavidiyo tamalonda tija timene timangoyamba tokha pamene mukuwerenga nkhani timadya data yanu, ndipo mukatitsekereza tsamba limatseguka msanga. Sindikuti Mozilla ndi mngelo. Nayonso ndalama zake zambiri zimachokera ku Google, imene imalipira kuti tsamba lake lofufuzira likhale loyamba mu Firefox.

Ndiye chitani chonchi. Chrome musaichotse, isungeni ya mafomu. Powerenga za tsiku ndi tsiku gwiritsani ntchito Firefox yokhala ndi uBlock Origin, kapena Opera Mini bandulo ikatsala pang'ono.

Koma aphunzitsi, ndikukayika ngati wakuba wanu ndi bulawuza. Lowani mu Settings, mupeze pamene palembedwa Data usage, foni ikuonetsani yokha pulogalamu imene yadya kwambiri. Mwezi watha kunabwera bambo wina wa kwaya ali wokwiya, akuti akumubera. Tinatsegula limodzi. Bulawuza inali itadya zochepa kwambiri. Zonse zinathera ku magulupu a WhatsApp: ya kwaya, ya mpingo, ya anthu a kumudzi kwawo, ya amene anaphunzira nawo sekondale. Foni inkangokoka yokha mavidiyo ndi zithunzi za maluwa zolembedwa "mwadzuka bwanji", mazanamazana, zambiri sanazitsegule n'komwe. Inunso ndikhulupirira muli m'magulupu a aphunzitsi a zoni yonse. Mu WhatsApp pitani pa Storage and data, muzimitse zoti zithunzi ndi mavidiyo zizidzikoka zokha. Mu Play Store muletse mapulogalamu kudzikonza okha pa data ya foni. Pa Facebook muletse mavidiyo kuyamba okha. Mukatero muone ngati ana kunyumba sakuyatsa hotspot inu mukusamba.

FUNSO: Azakhali, ndimagwira ntchito pa ofesi ina ndipo ndimagwiritsa ntchito Wi-Fi ya pomwepo. Ndikufunafuna ntchito kwina koma sindikufuna abwana adziwe. Mnzanga akuti ndikatsegula Incognito palibe angaone. Ndi zoona? — Mtsikana, Zingwangwa

YANKHO: Mwanangu, si zoona. Incognito, imene ku Firefox amaitcha Private, imangoletsa foni kapena kompyutayo kusunga mndandanda wa masamba amene watsegula. Imathandiza ngati mumabwerekana foni ndi mng'ono wako, kapena ukugwiritsa ntchito kompyuta ya pashopu ngati yangayi. Koma mwini Wi-Fi akhoza kuona mayina a masamba amene walowako, kampani ya netiweki nayonso, ndipo tsamba limene walowamo ndi dzina lako likukudziwa. Wafufuta mapazi m'nyumba, koma panja anakuona ukulowa. Ntchito ufunefune pa foni yako, ndi data yako, pa nthawi yopuma kapena ukaweruka.

Popeza tili pomwepa, ndionjezere mawu kwa nonse. Nambala zathu za foni zinalembetsedwa ndi ziphaso za unzika, ndipo kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene anthu ena anamangidwa nalo chifukwa cha zimene analemba pa intaneti. Musaganize kuti dzina labodza pa Facebook lakubisani. Ndipo linki iliyonse yonena kuti mwapambana mphoto pa mpikisano umene simunalowe, musaidine. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money simuuza munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Palibe bulawuza imene ingakutetezeni mukapereka nokha.

FUNSO: Azakhali, kwathu ndi ku Thyolo ndipo sindinapitepo kumpoto. Andipatsa ntchito ya zaumoyo ku Chintheche. Mayi anga akuti ndinyamule thumba la ufa woyera chifukwa kumeneko amadya kondowole, akuti amanunkha ndipo amamanga m'mimba. Akundiletsanso kudya chilichonse panjira. Ndili ndi mantha ndithu. Munthu angazolowere? — Mnyamata, Thyolo

YANKHO: Mwanangu, kalata yako yandikumbutsa kutali. Ndisanakhazikike pashopu pano ndinayenda zaka zambiri pa geni: mpunga wa kilombero ku Karonga, zitenje ku Kyela ndi ku Mbeya, usipa ku Nkhata Bay. Kondowole ndinamudya koyamba kufupi ndi komwe ukupitako. Lole imene tinakwera inafa madzulo, ndipo mayi wina wa nyumba ya m'mbali mwa msewu anatiitana azimayi atatu kuti tikagone kwake. Ndinakhala pa mphasa kukhitchini n'kumaona. Sanayambe ndi phala ngati mmene timachitira ndi ufa wa chimanga. Anawiritsa madzi, n'kuphula poto, n'kumupana ndi mapazi pansi, n'kuthira ufa wambiri nthawi imodzi. Kenako anavundula ndi mphamvu zonse, thukuta lili kamukamu, nsimayo ikukakamira ku mthiko ngati ulimbo. Ndiwo zinali usipa wauwisi wophika ndi tomato ndi mchere basi, ndi chigwada. Nditatema mbamu yaikulu ngati ya kwathu n'kuyamba kutafuna, iye anaseka n'kundigwira dzanja. Anandionetsa: kambamu kakang'ono, kuviika mu msuzi, kumeza osatafunatafuna. Tsiku lotsatira ndinafika mpaka madzulo osamva njala.

Fungo limene mayi ako akunenalo lilipodi, ndipo lili ndi chifukwa chake. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni. Amachisenda n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kenako amachisinja n'kuchiyanika padzuwa. Kuviikako ndiko kumachotsa poizoni, ndipo ndiko kumabweretsa kafungoko. Choncho fungo limenelo ndi chizindikiro choti wokonzayo sanachite ulesi. Iwe ndiwe wa ku Thyolo, ukudziwa kalongonda. Amawiritsidwa tsiku lonse, madzi n'kumatayidwa, ndipo wosamudziwa akamva zimenezi amachita mantha. Koma kwanuko alipo amene amakana kalongonda wophikidwa ndi agogo? Anthu a kunyanja nawonso chakudya chawo amachidziwa chimodzimodzi.

Zomanga m'mimba zimachitika kwa woyamba kumene akadya wambiri usiku n'kukagona. Yamba masana, pang'ono, ndi ndiwo za msuzi ndi zamasamba, ndipo uzimwa madzi. Pakatha masabata awiri thupi lidzakhala litamvana naye. Ukadzapeza batala, nsomba yamafuta ija ya kumeneko, udzadye ndi kondowole wotentha, udzandilembera wekha.

Ufa wa mayi ako nyamula, usawakhumudwitse, udzakuthandiza masiku oyamba m'nyumba mwako. Chimanga ndi mpunga zimapezekanso kumeneko, sukupita kuchipululu. Koma ntchito yako ndi yoyenda m'midzi, kulowa m'makomo, kuuza azimayi za katemera ndi za madzi aukhondo. Akakuyalira mphasa n'kukubweretsera mbale, iwe n'kukwinya mphuno, mawa uthenga wako sadzaumva. Kwa eni kulibe mkuwe. Samba m'manja, idya ngakhale mbamu zitatu, unene kuti "yewu". Phunziranso kupereka moni m'Chitonga sabata yoyamba yomweyo.

Za panjira, mayi ako ali ndi mfundo, koma kuchoka ku Thyolo mpaka ku Chintheche ndi ulendo wa tsiku lathunthu, sungauyende ndi mimba yopanda kanthu. Udzadutsa ku Limbe, pa Zalewa, n'kupatukira msewu wa kunyanja kufupi ndi kwathu kuno, kenako Salima, Nkhotakota, minda ya nzimbe ya ku Dwangwa. Lamulo limene linandisunga zaka zonse zija ndi ili: ndimadya chimene ndachiona chikuchoka pamoto. Pa chiwaya usalandire tchipisi chimene chaunjikidwa m'mbali kuyambira m'mawa, umuuze mnyamatayo achibwezere m'mafuta iwe ukuona. Kabichi ndi tomato wosaphika amene amawaza pamwamba, ngati sukudziwa madzi amene anatsukira, ukane. Chimanga chootcha, mbatata yootcha, mtedza, nthochi ndi manachesi amene usenda wekha, zimenezi sizinandivutitsepo. Malo odyera ndinkasankha amene madalaivala a malole adzazako, chifukwa kumeneko chakudya sichigona. Posamba m'manja akuthirire madzi, osati kupisa m'beseni limodzi anthu khumi. Iwe wa zaumoyo ukudziwa kuposa ine zimene kolera anatichita kuyambira mu 2022 mpaka 2023, pamene anthu oposa 1,700 anamwalira m'dziko muno. Mapaketi awiri a Thanzi asasowe m'chikwama.

Ukadzapeza mpata udzafike ku Karonga ukadye mbalagha, nthochi zosapsa zophika pamodzi ndi nyama. Ndipo popita ku boma la Nkhata Bay, m'nkhalango ya mitengo ya labala ya ku Vizara, udzaona ana akugulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wa mitengoyo. Udzawagulire umodzi ang'ono ako.

FUNSO: Azakhali, mwezi wamawa ndikupita ku Johannesburg pa basi kukaona amuna anga. Ndi ulendo wanga woyamba kutuluka m'dziko. Ndinyamule kamba wotani, nanga zakudya za m'mayiko mwa eni ndingadye? — Mayi wa ana awiri, Mangochi

YANKHO: Achemwali, konzekerani masiku awiri, mwinanso kuposerapo, chifukwa nthawi yambiri imathera pa zipata: pa Mwanza ndi Zobue, pa Nyamapanda polowa mu Zimbabwe, ndi pa Beitbridge. Ku Tete kumatentha koopsa. Nkhuku yokazinga ndi mazira owiritsa mudye tsiku loyamba lomwelo, zikafika tsiku lachiwiri zatembenuka. Zimene zimapirira ndi chigumu, mtedza wokazinga, mabisiketi ndi zipatso. Madzi a m'botolo akhale ambiri, ndipo musamadziletse kumwa poopa chimbudzi, miyendo imatupa ndipo mutu umapweteka.

Basi ikaima ku Mozambique mugule buledi wawo, amati pão, wolimba kunja wofewa m'kati. Ine ndinkamudikirira ulendo uliwonse. Ku Zimbabwe mudzapeza sadza, ndi nsima yathu yomwe, ndipo khalani ndi madola a ku America ang'onoang'ono kapena marandi, chifukwa chenji chimavuta. Ku Joni nsima amati pap. Amuna anu adzakugulireni kota, kachigawo ka lofu kokumbidwa m'kati n'kuikamo tchipisi, poloni ndi atcha, mudzalawe ngakhale kamodzi. Ndikudziwa kuti mukufuna kuwatengera utaka ndi ufa wa kwawo. Funsani a basi musananyamuke, chifukwa pa zipata pali malamulo a zakudya za nyama ndi mbewu, katundu angakutsalireni pa bodala. Safunsa anadya phula.

FUNSO: Azakhali, m'banja mwathu tilimo amuna atatu, ine ndi wapakati. Chichitikireni chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 akulu anga ndi mng'ono wanga sakulankhulana. Wina ndi wa MCP, wina wa DPP. Anatukwanizana pa gulupu ya banja, mawu ojambula, mayi athu akumva. Tinagwirizana zomanga chiliza cha bambo athu koma zonse zaima. Ine sindinavote, ndale ndinatopa nazo. Inu munavotera ndani? Nanga ndichite chiyani? — Wapakati, Kasungu

YANKHO: Achimwene, amene ndinamuvotera sindikuuzani. Ngakhale malemu amuna anga sindinkawauza, ndipo iwo sankandifunsa. Koma maganizo ndili nawo, ndipo ndiyamba ndi inuyo musanafike kwa abale anuwo.

Zoti simunavote zandipweteka. Pa 14 Juni 1993 ndinali mtsikana wa mwana mmodzi kumsana. Ndinaima pa mzere kuyambira kusanache, pa referendamu, kusankha pakati pa nyali, kutanthauza zipani zambiri, ndi tambala wakuda, kutanthauza chipani chimodzi. Inu mwina munali musanabadwe kapena munali wamng'ono. Ife tinakula pa nthawi imene polowa mumsika kapena pokwera basi ankayamba akufunsa khadi la chipani, ndipo mzimayi sankaloledwa kuvala thalauza. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi 1992, anthu ankakambirana monong'ona, atayamba ayang'ana uku ndi uku. Tsiku la referendamu lija mayi wina wokalamba amene anali patsogolo panga ankanjenjemera manja, akufunsa ngati sadzamudziwa. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Choncho munthu akandiuza kuti watopa ndi kuvota, ndimamumvetsa, chifukwa nanenso ndakhumudwapo kambirimbiri, koma sindimuvomereza.

Taonani zimene pepala la voti lachita. Kamuzu Banda anagonja mu 1994 n'kuchoka. Joyce Banda anagonja mu 2014 n'kuchoka. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chija cha tipeksi, ndipo linanena kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Pa 23 Juni 2020 Peter Mutharika anagonja, Lazarus Chakwera n'kupeza mavoti oposa 58 pa 100 alionse. Mu 2025 zinatembenuka: Mutharika anapeza pafupifupi 57 pa 100 alionse, Chakwera 33, ndipo Chakwera anavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Kanayi konse mtsogoleri wokhala pampando wachotsedwa ndi anthu wamba a pamzere. Mayiko ambiri a mu Africa muno zimenezi sanazionepo.

Tsono abale anuwo aganizire bwino manambala amenewa. Kuti zitembenuke chonchi m'zaka zisanu, ndiye kuti anthu ambirimbiri amene anavotera uyu mu 2020 anavotera uyo mu 2025. Anthu amenewo si opusa ndipo si ogulidwa onse. Anayang'ana mtengo wa chimanga, wa feteleza, mizere ya mafuta. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ine ndinazimva pashopu pano, pa mtengo wa mapepala ndi inki, ndipo ana a sukulu anayamba kujambulitsa tsamba limodzi n'kumagawana anayi. Mbale wanu wa DPP akanena zimenezi sakunama. Wa MCP akayankha kuti kunagwa namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene anatenga miyoyo yoposa 1,000 tikaphatikiza amene sanapezeke, kuti kunali chilala mu 2024, kuti nkhondo ya ku Ukraine inakweza feteleza, kuti misewu ya mu Lilongwe inamangidwa, nayenso sakunama. Ndipo amene akuseka leroyo akumbukire chimene chinatulutsa anthu m'misewu mu 2019. Aliyense wagwira chidutswa cha choonadi n'kumamenyera nacho mnzake.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti eni ndalewo sadana chonchi. Malemu Saulos Chilima anali wachiwiri kwa Mutharika kuyambira 2014, anaima payekha ndi UTM mu 2019, n'kugwirizana ndi Chakwera mu 2020. Aphungu amasamuka mbali m'Nyumba ya Malamulo ngakhale gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, loletsa zimenezi, lilipo. Amakumana pa maliro n'kupatsana moni, ana awo amaphunzira sukulu zimodzi. Amene atsala osalankhulana ndi ana a mayi mmodzi ku Kasungu, chiliza cha bambo awo chili chosamanga.

Mukafuna maganizo anga pa ndale, ndi awa. Ndimadana ndi ndalama zogawa pa misonkhano. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa, koma ndinazionabe ndi maso anga, achinyamata akukanganirana kumbuyo kwa galimoto. Wokupatsa kandalama kogulira sopo lero wagula zaka zisanu zako motchipa. Ndimadananso ndi mmene tasandutsira phungu kukhala wogula mabokosi a maliro, mmalo momufunsa kuti ndalama za chitukuko za CDF zagwira ntchito yanji. Tsopano tili ndi madera 229 a aphungu, kuchoka pa 193, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ndi angati mwa ife anapitapo ku khonsolo kukafunsa kuti mlatho wa kwathu unadya zingati? Gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu analichotsa mu 1995, ndipo ine ndimafuna litabwerera. Chomaliza, mtima umandipweteka ndikaona mapu a zotsatira akufanana ndi mapu a mitundu yathu. Ndadya m'nyumba za Atonga, Angonde, Ayao, Alhomwe ndi Asena, ndipo palibe anandifunsapo chipani asanandipatse madzi osamba m'manja.

Tsopano chochita. Nkhaniyi musaikambe pa WhatsApp, pamenepo aliyense amalankhula ngati ali pa nsanja. Pitani kwa akulu anu nokha, mukhale nawo pansi, muwalole alankhule mpaka amalize, osawatsutsa. Tsiku lina muchite chimodzimodzi ndi mng'ono wanu. Musanyamule mawu a uyu kupititsa kwa uyo. Onse awiri muwauze chinthu chimodzi chokha, choti mayi anamva mawu aja ndipo sakugona. Kenako mukawaone atsibweni anu, ndi udindo wawo, aitanitse ana a mlongo wawo. Wamng'ono apepese potukwana mkulu wake, mkulu apepese potukwana pamaso pa mayi. Sakupepesa chifukwa cha chipani ayi, aliyense akhale ndi chake. Chibale ndi fupa, sichiola, koma mayi anuwo sakhala mpaka kalekale akudikira.

Pa gulupu ya banja muike lamulo loti ndi ya matenda, maliro, maukwati ndi sukulu za ana. Wofuna kutumiza nkhani ya ndale akatumize kwina, ndipo asanatumize atsegule bulawuza aone ngati Zodiak, Nation kapena Times anenako, chifukwa zambiri zimene zimayambanitsa anthu ndi zopeka.

Za chiliza, musadikire kuti ayambe agwirizana. Ikani tsiku, pambuyo pokolola, mulilengeze kudzera mwa atsibweni. Mugawe ntchito moti wina asathe kumaliza popanda mnzake: akulu anu agule simenti, mng'ono wanu abweretse njerwa ndi mchenga, inu mulipire mmisiri ndi kulembetsa mwala wa dzina. Malaya ndi zipewa za chipani zitsale kunyumba. Nsima ya tsiku limenelo aphike mayi ndi alongo anu, ndipo atatu nonsenu mudyere m'mbale imodzi. Chikamangidwa mundilembere.